Mpopi wofiira umene uli kuseri kwa makina ochapira

Mwezi watha makina ochapira zovala a m'nyumba imene timachita lendi kuno ku Leeds anayamba kudontha. Ine ndi mnzanga titawakoka kuti tione vuto, tinapeza timipopi tiwiri pakhoma. Kabuluu kanali ndi paipi yolowa m'makina, koma kofiira kanali kotsekedwa, fumbi lokhalokha. Mnzangayo anangoti, "Zakale izo, aise." Ine ndimaphunzira mbiri, ndiye mawu akuti "zakale" ndi amene anandiyambitsa mafunso. Ndani anatseka mpopi wa madzi otentha, ndipo anapindula ndani?

Kale ku Britain kuchapa inali ntchito ya tsiku lathunthu, makamaka Lolemba. Amayi ankasonkha moto pansi pa chimphika chachikulu chomangidwa m'njerwa, chimene ankachitcha copper, n'kuwiritsamo zovala. Pa nthawiyo munthu ankakhulupirira kuti chovala chosawiritsidwa sichinayere. Makina atayamba kufala m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ambiri anali a zigawo ziwiri, china chochapira ndipo china chofinyira, ndipo madzi ankathiramo ndi paipi yochokera pa sinki.

Zinthu zinasintha gasi atapezeka pansi pa North Sea. Pakati pa 1967 ndi 1977 dziko lonse linasinthira ku gasi ameneyu, ndipo nyumba zambiri zinakhala ndi boiler ndi thanki yosungira madzi otentha. Popeza gasi anali wotchipa kuposa magetsi, zinali zanzeru kuti makina azitenga madzi otenthetsedwa kale. Makina a nthawi imeneyo ankamwa malita opitirira 100 pa kuchapa kumodzi, ndipo anthu ankachapa pa madigiri 60 kapena kuposa. Mpopi wofiira uja unali wofunika kwambiri.

Nanga unafa bwanji? Ndaona zifukwa zitatu zimene zinakumana pamodzi.

Choyamba ndi sopo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera sopo waufa wokhala ndi ma enzyme, monga Ariel. Ma enzyme amaphwanya litsiro la magazi, dzira ndi thukuta, koma madzi otentha kwambiri amawawononga. Komanso aliyense amene anachapapo chovala cha magazi amadziwa kuti madzi otentha amangokhazikitsa banga. Sopo wotere amagwira bwino ntchito madzi akayamba ali ozizira n'kumafunda pang'onopang'ono.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa madzi. Kuyambira mu 1996 makina ogulitsidwa m'mayiko a European Union, kumene Britain analinso membala, anayenera kukhala ndi chikwangwani cha zilembo A mpaka G chosonyeza mmene amadyera magetsi. Magetsi ambiri amene makina amadya amapita ku kutenthetsa madzi, osati kuzunguza zovala. Choncho kampani yofuna chilembo A inayenera kuchepetsa madzi. Makina a lero amamwa malita pafupifupi 50, ndipo gawo lochepa lokha ndi limene limatenthetsedwa, chifukwa otsukuluzira amakhala ozizira. Apa ndi pamene mpopi wofiira unataya ntchito. Madzi amene ali m'paipi pakati pa boiler ndi makina amakhala atazizira kale. Makina akamadzaza, otentha amakhala akungofika kumene, kenako amatsalira m'paipimo n'kuziziranso. Gasi wapsa, koma zovala sizinapindule kwenikweni.

Chachitatu ndi malonda. Kumayiko ambiri a ku Ulaya makina a paipi imodzi anali ofala kale. Kupanga mtundu umodzi wogulitsa kulikonse, wopanda valavu ndi paipi yachiwiri, n'kotchipa. Pofika m'zaka za m'ma 2000 makina a mapaipi awiri anali atasowa m'masitolo ambiri a ku Britain.

Ndinayesa kuwerengera ndekha. Kutenthetsa malita 15 kuchoka pa madigiri 10 kufika pa 40 kumadya theka la yuniti ya magetsi. Kufika pa 60 kumadya pafupifupi yuniti yathunthu. Kwa ife amene timagawana bilu anthu asanu, phunziro lake ndi losavuta: batani losankhira kutentha lili ndi mphamvu pa thumba lathu kuposa mpopi wofiira. Tinagwirizana kuti zovala wamba tizichapa pa 30.

Komabe sindikuvomereza kuti nkhaniyi ndi ya chitukuko chongopita patsogolo. Chikwangwani chija chimayeza makina paokha, sichifunsa kuti m'nyumbamo madzi otentha amachokera kuti. Banja limene lili ndi giza ya sola padenga, kapena boiler yoyandikana ndi makina, limakakamizika kutenthetsa madzi ndi magetsi odula pomwe otentha ali chikhalire m'thanki. N'chifukwa chake kampani ya Ebac ya ku County Durham, itayamba kupanga makina ochapira mu 2016, inabwezeretsa paipi yachiwiri pa ena mwa makina ake. Chimene chinaoneka chachikale chinapezanso ogula.

Izi zimandikumbutsa kwathu, kumene dzuwa ndi lambiri koma mayunitsi ndi owawa kugula. Makina amene amafika m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre anapangidwa poganizira nyengo, mitengo ndi malamulo a anthu ena. Anzanga amene mwayamba ntchito ndipo mukulota zogula makina anu oyamba, musangoyang'ana chilembo cha pachikwangwani. Funsani kuti anayeza chiyani, ndipo anayezera nyumba yotani.

Eni nyumba anatumiza munthu wodzakonza, ndipo vuto linali kamphira kotha pa paipi ya buluu. Titakankhira makina m'malo mwake, mpopi wofiira unabisikanso, ukadali wotseka.