Chiponde ndi amaana: mbiri ya mtedza umene udasanduka mankhwala

Tikuyamika Allah amene watifikitsanso m'mwezi wa Ramadhan tili amoyo, ndipo madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wake Muhammad.

Masiku angapo apitawa, kumadrassa kwathu kuno kwa Khombedza, mnyamata wina wa zaka zisanu ndi zinayi adatulutsa m'thumba kapaketi kofiira ndi koyera nkuonetsa anzake kuti futari yake ya tsikulo ndi imeneyo. Kadali kachiponde ka kuchipatala. Titamufunsa kumene adakatenga, adayankha mosabisa kuti nka mng'ono wake, koma kunyumba amagawana onse chifukwa nkokoma. Sitidamukalipire, pakuti mlandu sudali wake. Tidangoona kuti ambirife kapaketi kameneka timakadziwa ndi maso okha. Kumene kadachokera, amene adakavutikira ndi zimene kadasintha m'dziko muno sitizidziwa. Lero tiyeni tiyende m'mbiri imeneyo.

Matenda a kunyentchera ndi kutupikana kwa ana si a lero. Makolo athu mwana akatupa miyendo ndi nkhope, tsitsi nkufiira, ankati ndi tsempho, kapena ankaloza mayi kuti watumbiza. Ku Ghana, dokotala wa ana Cicely Williams adalemba za matendawa mu 1935 ndi dzina limene eni dziko ankawatchula, kwashiorkor, kutanthauza nthenda ya mwana wochotsedwa kubere chifukwa kwabwera mnzake. Choncho agogo athu potchula kutumbiza adaona mbali ina ya choona: mwana akasiya kuyamwa msanga nkumangomwa phala la madzi, thupi limagwa.

Mpaka m'zaka za m'ma 1990, njira yodziwika yothandizira mwana wonyentchera kwambiri idali kumugoneka m'chipatala, kumagulu, nkumamumwetsa mkaka wapadera wotchedwa F-75 ndi F-100. Mkakawu ndi wabwino, koma umafuna madzi aukhondo, ndipo ukasungunulidwa suchedwa kuwonongeka, kotero sakadaupereka kuti mayi apite nawo kumudzi. Mayi ankayenera kukhala pachipatala masabata angapo, nthawi zambiri m'miyezi ya dzinja pamene kumunda kukufunika khasu, ana ena atatsala okha kunyumba. Ambiri ankathawa mwana asanachire. Ena sankapita nkomwe. M'chipindamonso ana ofooka ankapatsirana matenda chifukwa chothithikana.

Izi ndi zimene adazipeza Dr. Mark Manary, dokotala wa ana wochokera ku Washington University mumzinda wa St. Louis ku America, atabwera kudzagwira ntchito kusukulu ya madokotala ya College of Medicine ndi kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Nthawi yomweyo ku France, dokotala wina, André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset, adali atapanga chakudya chatsopano mu 1996. Adatenga mphamvu za mumkaka wa F-100 uja nkuziika m'mtedza wopera, wosakaniza ndi mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere ina. Nzeru yake yagona apa: m'chakudyacho mulibe madzi, ndiye tizilombo toyambitsa matenda sitiswana, sichifuna kuphika, ndipo chimatha miyezi chili bwinobwino. Paketi imodzi imalemera magalamu 92 ndipo imapatsa mphamvu zokwana makalori 500.

Kupanga chinthu ndi nkhani ina, kutsimikiza kuti chikuthandiza ndi nkhani inanso. Ntchito yotsimikizayo, mbali yaikulu idachitikira kuno ku Malawi. Mu 2001 a Manary adayesa njira imene akatswiri ambiri ankaikayikira: kumupatsa mayi chakudyachi kuti akamuchiritsire mwana kunyumba, azingobwera naye kusikelo pakapita masabata awiri. Ana 282 adagawidwa m'magulu atatu. Mwa amene adalandira chiponde chokwanira, 95 pa 100 alionse adafika pa sikelo yoyenera, pamene m'magulu enawo, kuphatikizapo la ufa wa chimanga ndi soya, adali 78 pa 100. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2004, ndipo pa maina a olemba padali a Malawi awiri, MacDonald Ndekha ndi Kenneth Maleta, limodzi ndi Briend uja ndi Per Ashorn wa ku Finland. Tizikumbukira maina amenewa, chifukwa nkhaniyi ikamakambidwa kunja kawirikawiri amatchula azungu okha.

Kafukufuku wachiwiri adali wamkulu. Ana 1,178 adatsatidwa m'zipatala zisanu ndi ziwiri za m'chigawo cha kummwera, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2005: ochira ndi chiponde kunyumba adali 79 pa 100, pamene ochira mwa njira yakale adali 46 pa 100. Chaka cha 2004 a Manary adali atakhazikitsa bungwe la Project Peanut Butter, limene lidayamba kupanga chiponde ku Blantyre ndi mtedza wolimidwa m'dziko momwe muno.

Ife a kuno kwa Khombedza mbiriyi idatidutsa pakhomo penipeni. Amene tili m'zaka za makumi atatu tikuikumbukira njala ya 2002 tili ana, anthu akudya gaga ndi mizu. M'chaka chimenecho, kwa anansi athu ku Dowa, mabungwe a Valid International ndi Concern Worldwide adayambitsa ndondomeko yothandizira ana onyentchera kumudzi komwe, motsogozedwa ndi maganizo a Dr. Steve Collins, ndipo posakhalitsa idafika ku Nkhotakota. Zimene adaphunzira ku Dowa ndi zimene adapeza ku Blantyre zidagwirizana. Mu 2007 mabungwe a United Nations, pakati pawo WHO, UNICEF ndi WFP, adalengeza pamodzi kuti ana onyentchera kwambiri amene alibe matenda ena oopsa ndipo akutha kudya azithandizidwa kumudzi ndi chakudya chotere. Kalamba kamitundu kamene azaumoyo amayezera mkono wa mwana kusikelo, kamene kakaloza pofiira, pansi pa masentimita 11.5, mwana amalembedwa kuti azilandira chiponde, ndi mbali ya ndondomeko yomweyo. Lero ikutsatidwa m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia.

Ofufuzawa sadalekere pomwepo. Mu 2013 adasindikiza zotsatira za ana 2,767 a m'midzi ya ku Malawi, pofuna kudziwa ngati kuwonjezera mankhwala opha tizilombo pa chiponde kumathandiza. Mwa ana amene sadalandire mankhwalawo adamwalira 7.4 pa 100. Mwa olandira amoxicillin adamwalira 4.8, ndipo mwa olandira cefdinir 4.1. Chaka chomwecho WHO idalangiza kuti ana otere azipatsidwa mankhwala ngati amoxicillin. Kenako kafukufuku wina wa ku Niger, wotuluka mu 2016, sadapeze phindu lofanana pa kuchira, ndipo akatswiri adapitiriza kukambirana. Mu 2013 momwemo mudatulukanso kafukufuku wa mapeyala 317 a mapasa a ku Malawi, wochitidwa pamodzi ndi Jeffrey Gordon. Funso lake lidali loti bwanji mapasa odya m'mbale imodzi, wina amatupikana wina ayi. Adapeza kuti tizilombo tokhala m'matumbo mwa mwana tili ndi gawo pa matendawa. Apa ndiye tiganize kawiri tisanaloze chala mayi kuti walakwira mwambo kapena ndi waulesi.

Pali phunziro lina limene ife aphunzitsi a Dini lidatigwira mtima. Pulofesa Maleta ndi Ashorn adagwira ntchito zaka zambiri ku Lungwena m'boma la Mangochi, dera la m'mbali mwa nyanja ngati lathu lino, kumene Asilamu ndi ochuluka. Iwo adayesa ngati kupatsa makanda kachiponde pang'ono tsiku ndi tsiku kungapewetse kupinimbira. Zotsatira zimene adasindikiza mu 2015 zidaonetsa kuti msinkhu wa anawo sudasinthe monga ankayembekezera, ndipo adazilemba momwemo osakometsera. Ophunzira a Hadith amaudziwa mkhalidwe umenewu: nkhani imaperekedwa monga idalandiridwa, ngakhale isakukomere. Tanthauzo lake kwa ife ndi loti chiponde chimawombola mwana amene ali pangozi, koma sichilowa m'malo mwa bere, phala lothira nsinjiro, usipa wosinja, dzira, masamba ndi madzi aukhondo. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 pa 100 osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Bala limenelo silipola ndi paketi.

Mbiri ya Chisilamu ili ndi nkhani yofanana ndi iyi. Olemba mbiri amasimba kuti Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) ankapereka thandizo la m'thumba la boma kwa ana okhawo amene asiya kuyamwa. Usiku wina ku Madinah adamva khanda likulira kosalekeza, ndipo atafunsa adapeza kuti mayi ake akulisiyitsa bere nthawi isanakwane kuti liyambe kulandira thandizolo. Umar zidamupweteka kwambiri, ndipo adasintha lamulo kuti mwana aliyense azilembedwa kuyambira pobadwa. Mtsogoleri adaona kuti ndondomeko yake yabwino ikupweteka ana, nkuisintha. Madokotala aja adachita chimodzimodzi ataona kuti chipinda cha kumagulu chikulephera amayi akumudzi.

Tsono tibwerere ku kapaketi ka m'thumba mwa mnyamata uja. Mapaketi amene mayi amalandira kusikelo amawerengedwa molingana ndi kulemera kwa mwana wodwalayo. Mmodzi akadyedwa ndi mkulu wake, kapena bambo akaupaka pa buledi nthawi ya daku, kapena ukagulitsidwa pamsika, mankhwala a mwanayo aperewera, ndipo manambala a ochira tawatchula aja sangamufike. Sitikunena izi posadziwa umphawi. Tikudziwa kuti nkowawa kudyetsa mwana mmodzi ena atatu akuyang'ana. Nchifukwa chake mtolowu usakhale wa mayi yekha. Banja limene lili ndi mwana wa pa chiponde ndi loyamba kuliganizira pogawa Zakaat, sadaka ndi Zakaatul Fitr, kuti ana enawo akhute nsima ndipo paketi itsale ya mwini wake. Wogula chiponde pamsika naye adziwe kuti wagula chinthu cha mwana wodwala.

Masheikh athu atikumbutsenso pa mimbari kuti Shariah idapereka chilolezo kwa mayi woyembekezera ndi woyamwitsa kuti asasale ngati akuopera thanzi lake kapena la mwana, ndipo Surat al-Baqarah imatchula zaka ziwiri zathunthu za kuyamwitsa. Mayi wotenga chilolezochi asanyozedwe ndi apongozi kapena anzake. Afunse kwa odziwa za mmene angabwezere masikuwo. Ana aang'ono nawo swaumu sinawakakamizidwe, choncho mphika wa phala lawo usazime masana chifukwa akulu tamanga. Ndipo mwana akayamba kutupa mapazi kapena kuonda modabwitsa, duwa tichite tili panjira ya kusikelo.

Njala yathu ya Ramadhan imatha dzuwa likalowa, tikamva adhaan. Tikamatambasula dzanja kutenga tende kapena kapu ya phala madzulo ano, tikumbukire ana amene njala yawo ilibe Maghrib. Allah atilandire swaumu yathu, awachize ana athu odwala, ndipo atipange kukhala osunga amaana. Aamin. Wallahu a'lam.