Mkazi wa mwini ndi mpando wa uphungu: za ku Kilkenny m'chaka cha 1890

Pa 16 Disembala 1890, m'tauni yaing'ono ya Castlecomer ku Ireland, kumene anthu ambiri ankakumba malasha, munthu wina adatapa zinthu zoyera n'kuwaza kumaso kwa Charles Stewart Parnell. Omutsatira adati idali laimu. Adani ake adati ayi, udali ufa chabe. Kaya zoona zidali ziti, mkuluyu adapitiriza misonkhano yokopa anthu diso lili lomanga ndi nsalu. Chaka chimodzi m'mbuyomo palibe amene akadayerekeza ngakhale kumuloza chala, pakuti anthu ankamutcha mfumu ya Ireland yopanda chisoti. Nanga chidasintha n'chiyani? Yankho lake ndi lalifupi: mkazi wa mwini. Koma nkhani yake si yaifupi ayi, ndipo ndi yofunika kuimva bwino.

Masiku amenewo Ireland yense ankalamulidwa kuchokera ku London. Aphungu a dzikolo ankawoloka nyanja kukakhala m'Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster. Parnell, amene adabadwa m'chaka cha 1846, adali munthu wodabwitsa: mwini minda amene ankamenyera nkhondo matenanti olipira lendi, Mpulotesitanti amene ankatsogolera mtundu wa Akatolika. Adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1875 ngati phungu wa Meath. Mu 1881 boma lidamutsekera m'ndende ya Kilmainham chifukwa cha nkhani za malo, ndipo adatuluka chaka chotsatira ali wotchuka kuposa kale. Pa chisankho cha 1885 chipani chake chidapeza mipando 86, zomwe zidachititsa nduna yaikulu William Gladstone kubweretsa bilu yopatsa Ireland nyumba yakeyake ya malamulo mu 1886. Biluyo idagwa, koma aliyense ankaona kuti ufulu wodzilamulira uli pakhomo. Mu 1889 zidadziwika kuti makalata amene nyuzipepala ya The Times idasindikiza pofuna kumuipitsira mbiri adali abodza, olembedwa ndi Richard Pigott. Parnell adafika pamwamba penipeni.

Koma kuyambira mu 1880 mkuluyu adali pa chibwenzi ndi Katharine O'Shea, mkazi wa phungu mnzake, Kaputeni William O'Shea. Banja la a O'Shea lidali litazilala kale, mwamuna kwake mkazi kwake. Parnell ndi Katharine ankakhala ngati banja ndithu, ndipo adabereka ana aakazi atatu, woyamba n'kumwalira ali khanda. Chinsinsi chimenechi chidali cha pamsika. Aphungu a chipani chake ankadziwa. Nayenso Gladstone ankatumizirana mauthenga ndi Parnell kudzera mwa Katharine yemweyo.

Fungo lidayamba kutuluka mu Febuluwale 1886 pa chisankho chapadera cha ku Galway. Parnell adakakamiza chipani kuti chiimitse Kaputeni O'Shea, munthu amene adakana ngakhale kulumbira lumbiro la chipanicho. Aphungu awiri, Tim Healy ndi Joseph Biggar, adathamangira ku Galway kukatsutsa, poona kuti mpando wa anthu ukusanduka chotsekera pakamwa mwamuna wolandidwa mkazi. Parnell adafika yekha n'kuuza anthu kuti kukana O'Shea n'kukana iyeyo, ndipo kukana iyeyo n'kutaya ufulu wa Ireland. Anthu adameza malovu, O'Shea n'kupambana. Patangopita miyezi yochepa, bilu ya ufulu itafika povotera, Kaputeniyo sadavote, kenaka adatula pansi uphungu.

Akuluakulu adati mlandu suwola. Katharine adali ndi azakhali ake olemera kwambiri, Mayi Benjamin Wood, amene ndalama zawo zinkathandizanso Kaputeni. Gogoyu adamwalira mu Meyi 1889 n'kusiyira Katharine chuma m'njira yoti mwamuna wake asachikhudze. Mu Disembala chaka chomwecho Kaputeni adakasuma kukhoti kupempha chisudzulo, n'kutchula Parnell kuti ndiye wamuphwasulira banja. Mlandu udazengedwa mu Novembala 1890. Parnell sadapite kukadziteteza, chifukwa ankafuna kuti ukwatiwo uthe, amukwatire Katharine. Choncho khoti lidangomva mbali imodzi: zoti ankagwiritsa ntchito maina abodza ngati Mr Fox, ndi zoti tsiku lina adathawira pa makwerero othawirapo moto mwini nyumba atafika. Nyuzipepala zidasindikiza zonse, ndipo mfumu ija idasanduka choseketsa m'mabala.

Apa mpamene tiyenera kuyang'anitsitsa, chifukwa amene adayamba kukuwa si Akatolika a ku Ireland ayi. Pa 20 Novembala msonkhano waukulu ku Dublin udagwirizana zoti Parnell apitirize, ndipo Tim Healy yemwe uja adamuikira kumbuyo. Pa 25 Novembala aphungu adamusankhanso kukhala wapampando. Phokoso lidachokera ku England, kwa Akhristu a mipingo ngati ya Methodist ndi Baptist, amene mavoti awo ndiwo ankanyamula chipani cha Liberal. Mbusa Hugh Price Hughes adali patsogolo kunena kuti wachigololo sangakhale bwenzi la chipani chawo. Gladstone adawerenga mphepo, nalemba kalata yoti ngati Parnell akhalabe pampando, utsogoleri wake iyeyo ukhala wopanda ntchito. Kalatayo itatuluka m'nyuzipepala, aphungu a ku Ireland adapezeka ali pa mphambano: asankhe mtsogoleri wawo kapena asankhe bwenzi lokhalo limene likadawapatsa ufulu.

Adakangana masiku asanu ndi limodzi m'chipinda cha nambala 15 cha ku Westminster. Pa 3 Disembala maepiskopi a Katolika a ku Ireland adatulutsa chikalata chonena kuti Parnell sayeneranso kutsogolera. Pa 6 Disembala, mawu atafika poipa, Healy atafunsa monyoza kuti kodi mkazi wolamulira chipanichi akhala yani, aphungu 45 adatuluka motsogozedwa ndi Justin McCarthy. Osakwana 30 adatsala ndi Parnell.

Mwatsoka kapena mwamwayi, dera la North Kilkenny lidali lopanda phungu nthawi yomweyo. Chipani chidali chitasankha kale Sir John Pope Hennessy, amene adakhalapo bwanamkubwa ku Hong Kong ndi ku Mauritius. Mgawano utachitika, Hennessy adapita mbali ya otsutsa Parnell, ndipo Parnell adaimitsa Vincent Scully, mwini minda wa ku Tipperary. Kunena zoona, anthu awiriwa adali ngati zikwangwani chabe. Pa misonkhano panalibe amene ankafunsa za Scully kapena Hennessy. Nkhani idali ya Parnell ndi mkazi amene adani ake adamupatsa dzina lachipongwe loti Kitty.

Ansembe ambiri a m'deralo adalowa m'bwalo. Ankatsogolera misonkhano, ankayenda khomo ndi khomo, ndipo pa tsiku lovota ena adakhala m'malo oponyera voti ngati oimira Hennessy. Apa pali kanthu kofunika kukadziwa. Lamulo la 1872 lidabweretsa voti yachinsinsi, koma munthu wosadziwa kulemba ndi kuwerenga ankayenera kutchula dzina la amene akumufuna pamaso pa woyendetsa chisankho ndi oimira zipani. Tangoganizani inu: mlimi wosauka, bambo mfumu amene adamubatizira ana ali chilili pomwepo, atchule dzina la munthu wa Parnell? Pa 22 Disembala Hennessy adapeza mavoti oposa 2,500, Scully osakwana 1,400.

Parnell sadagonje. Mu Epulo 1891 munthu wake adagwanso ku North Sligo, ngakhale kusiyana kwake kudali kochepa. Pa 25 Juni adakwatira Katharine ku ofesi ya boma ku Steyning. Iye ankayesa kuti wakonza zinthu, koma kwa Akatolika kukwatira mkazi wosudzulidwa mwamuna wake akadali moyo kudali kuwonjezera tchimo pa tchimo. Mwezi wotsatira ku Carlow munthu wake, Andrew Kettle, adagwa chagada. Pa 27 Seputembala Parnell adalankhula pa msonkhano ku Creggs mvula ikumuvumba, ali wodwala kale. Pa 6 Okutobala 1891 adamwalira ku Brighton, Katharine ali pambali pake. Adali ndi zaka 45. Namtindi wa anthu udaperekeza maliro ake ku manda a Glasnevin ku Dublin.

Maliro sadathetse mkangano. Pa chisankho chachikulu cha 1892, Episkopi Thomas Nulty wa ku Meath adalemba kalata imene idawerengedwa m'matchalitchi, yonena kuti kutsatira gulu la Parnell n'kulimbana ndi chikhulupiriro cha Katolika. Otsutsa Parnell adapambana mipando yonse iwiri ya Meath, koma ogonja adakasuma. Majaji atamva umboni wa zoopseza anthu ndi zauzimu, adafafaniza zisankho ziwirizo, ndipo Michael Davitt, ngwazi ya nkhondo ya malo, adataya mpando wa North Meath. Chodabwitsa n'chakuti zisankho zitabwerezedwa mu 1893, mbali yomwe ija idapambananso. M'dziko lonse a Parnell adangopeza mipando 9, anzawo oposa 70.

Ndiye tinene kuti chiyani? Ena amati ansembe ndiwo adapha Parnell. Zotsatira za ku Meath zikutichenjeza kuti tisafulumire. Anthu ambiri ankakhulupiriradi kuti ukwati ndi woyera, ndipo sadafunikire kuopsezedwa kuti aipidwe ndi zimene adamva kukhoti. Enanso adavota ndi mutu osati ndi mtima: popanda Gladstone panalibe bilu ya ufulu. Naye Parnell adali ndi mlandu wake. Anzake adamupempha kuti angopatuka kwa kanthawi mphepo idutse, iye n'kukana. M'malo mwake adatulutsa chikalata chonyoza Gladstone n'kuulula zimene adakambirana kuseri. Ndipo ndi iye amene adayamba kusakaniza za kuchipinda ndi za mtundu tsiku limene adapatsa Kaputeni O'Shea mpando wa ku Galway.

Komabe chinyengo cha anzake sichibisika. Ngati chigololo chidali chifukwa chokwanira chochotsera mtsogoleri, chidali chokwanira mu 1886 pamene ankadziwa kale. Adakhala chete zaka zonsezo chifukwa Parnell ankawapambanitsa. Adakumbukira malamulo khumi tsiku limene mavoti a ku England adayamba kugwedezeka. Tchimo lidali lomwelo. Chidasintha ndi mtengo wake. Ndipo taonani amene adasenza chitonzo chachikulu: mayi amene dzina lake linkatukwanidwa pa nsanja iliyonse, koma iye analibe voti, analibe nsanja, analibe poyankhira. Amayi ku Britain ndi ku Ireland adayamba kuvotera aphungu mu 1918, ndipo adali okhawo a zaka 30 kupita m'tsogolo. Katharine adamwalira mu 1921 asadapondeko ku Ireland.

Ife kuno tikamva za kalata ya maepiskopi timakumbukira ya pa 8 Malichi 1992, imene idatsegula pakamwa pa Amalawi, ndipo wansembe wa ku Ireland komweko, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu, adapirikitsidwa m'dziko muno chifukwa cha iyo. Kalata ziwirizi zidawerengedwa pa guwa, koma n'zosiyana ngati usiku ndi usana. Ya 1992 idafunsa boma chifukwa chake anthu sakuloledwa kulankhula ndi kusankha. Ya ku Meath idauza anthu amene asamuvotere, n'kumangirira chipulumutso chawo ku pepala la voti. Majaji a mu 1892 sadaletse ansembe kulalikira za makhalidwe kapena kupereka uphungu. Chimene adakana n'kuopseza munthu ndi chilango cha Mulungu chifukwa cha voti yake.

Malipiro a mkanganowu adali owawa. Bilu yachiwiri ya Gladstone idadutsa m'nyumba ya aphungu mu 1893, koma nyumba ya ma Lords idaikana ndi mavoti 419 kwa 41. Chipani cha Ireland chidakhala chogawikana mpaka 1900, pamene chidalumikizananso pansi pa John Redmond, mmodzi wa amene adatsala ndi Parnell. Lamulo la kudzilamulira lidadutsa mu 1914 koma nkhondo yaikulu idaliimitsa, ndipo ufulu udadza mu 1922 utadzera m'mwazi, chilumba chitagawidwa pawiri. Palibe angalumbire kuti Parnell akadakhalapo zikadayenda mwina. Koma zaka khumi zimene zidathera m'kutukwanana palibe adazibweza.

Malamulo aakulu a dziko la Ireland a mu 1937 adaletseratu chisudzulo. Chiletsocho chidakhala mpaka mu Novembala 1995, pamene anthu adavota pa referendamu n'kuchichotsa ndi mavoti ongopitirira 9,000 basi. Lero msewu waukulu wa O'Connell ku Dublin umathera pa chipilala cha Parnell, ndipo pa manda ake ku Glasnevin pali chimwala chimene adalembapo dzina limodzi lokha, lopanda chaka, lopanda udindo. Za Hennessy ndi Scully, amene maina awo ndiwo adali pa pepala la voti ku Kilkenny, akuzikumbukira ndi ochepa zedi.