Mabawuti a dzimbiri pa ekizozi: mmene mungawamasulire osawathyola

Galimoto ikamalira kuti "ti-ti-ti-ti" m'mawa injini isanatenthe, ndipo phokosolo likucokera m'mbali mwa injini, nthawi zambiri ndiye kuti utsi ukutulukira pamalo posayenera. Tsegulani boneti. Yang'anani pamene mapaipi a ekizozi akumana ndi mutu wa injini. Mukaona mwaye wakuda pamenepo, vuto mwalipeza. Mwina gasketi yapsa, mwina citsulo cang'aluka, mwinanso bawuti imodzi inathyoka kalekale.

Citsulo cimeneci amakaniko amati manifodi. Cili ndi nthambi. Nthambi iliyonse imalandira utsi wa silinda imodzi, ndipo zonse zimakumana n'kulowa mu paipi yopita kumbuyo kwa galimoto. M'sitolo za zida za galimoto ku Tete amati colector de escape. Gasketi amati junta, nati amati porca. Bawuti yopanda mutu, ya mazinga uku ndi uku, imene imazikika mu mutu wa injini, amati perno kapena prisioneiro. Ena amati sitadi. Lembani mayina amenewa pa pepala, kuti mukatuma munthu asabwere ndi cinthu cina.

Musanene kuti "bola galimoto ikuyenda". Mu utsi wa injini muli mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Utsi ukamathawira kutsogolo, pafupi ndi pokhala dalaivala, umatha kulowa m'kati. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi tulo. Pa chapa yodzaza ndi anthu, imeneyi si nkhani yamasewera.

Cifukwa cake amakakamira

Palibe mabawuti ena pa galimoto amene amazunzika ngati awa. Utsi wotuluka mu injini umatha kutentha kupitirira madigiri 600. Citsulo cikatentha cimafutukuka, cikazizira cimabwerera. Zimenezi zimacitika tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Nthawi ya mvula pamabwera madzi ndi matope, nthawi ya cilimwe fumbi. Ndiye dzimbiri limalowa m'mazinga. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa citsulo cimene ladya, conco limathina pakati pa nati ndi bawuti mpaka ziwirizo zikhale ngati cinthu cimodzi. Nthawi yomweyo bawutiyo imakhala itaonda ndi kufooka.

Mabawuti ake ndi aang'ono. Pa magalimoto ambiri a ku Japan, monga Toyota, Nissan ndi Mitsubishi, mupeza a mamilimita 8, okhala ndi nati ya sipanala 12, kapena a mamilimita 10, a sipanala 14. Bawuti yotere munthu mmodzi angathe kuithyola ndi dzanja limodzi ngati walumikiza paipi ku sipanala.

Kuno ku Fíngoè nkhani imeneyi imalemera kwambiri. Tili pa msewu wocokera ku Bene kupita ku Zumbo, ndipo mzinda wa Tete uli kutali, ulendo wa maola ambiri. Bawuti ikathyokera m'kati mwa mutu wa injini, ndipo pafupi palibe wodziwa kuicotsa, mutuwo uyenera kumasulidwa n'kutumizidwa kumene kuli makina. Galimoto imaima masiku angapo, mwina nthawi ya kukolola, pamene cimanga cikudikira ku Malowera kapena ku Chiputo. Ndiye tsiku limodzi lodikira kuti mafuta alowe m'mazinga ndi lochipa kwambiri.

Yambani dzulo lake

Injini izizire kaye. Cotsani waya wa batire, wa cizindikiro ca kucotsera. Ngati mufuna kulowa pansi pa galimoto, musadalire jeke yokha. Ikani zogwiriziza zolimba ndi miyala kumatayala.

Tengani bulashi ya waya. Palani dzimbiri ndi matope pa mazinga amene akuonekera kunja kwa nati, cifukwa nati idzadutsa pamenepo potuluka. Kenako thirani mafuta olowerera, monga WD-40. Ngati mulibe, dizilo kapena parafini wosakaniza ndi oilo pang'ono amathandizako. Ena amathira mafuta a mabuleki, koma amenewa amasupula penti, ndiye samalani. Gogodani nati iliyonse pang'onopang'ono ndi hamala yaing'ono. Kugogodako kumaswa dzimbiri, mafuta n'kupeza njira. Thirani madzulo, thiraninso m'mawa.

Sipanala yotseguka kukamwa isiyeni m'bokosi. Imagwira mbali ziwiri zokha, ndipo ikaterereka imadya makona a nati. Gwiritsani nchito soketi kapena sipanala ya mphete ya makona 6, yolowa mothina. Ngati dzimbiri ladya nati moti 14 ikugwedera, yesani 13, muikhomere ndi hamala.

Tsopano mvetserani bwino, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri amalakwa. Musayambe ndi kukoka mwamphamvu. Yambani mwa kumanga pang'ono cabe, ngati mukufuna kulimbitsa. Kenako bwezani kumasula. Nati ikasuntha ngakhale pang'ono, musathamange. Thirani mafuta, bwezani m'kati, tulutsaninso. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo. Ulendo uliwonse idzatuluka mopitirirako.

Dzanja lanu lidzakuuzani zimene zikucitika. Nati imene ikumasuka imalira kuti "khwee" kapena kudumpha kuti "ta", ndipo imalimba mofanana. Koma mukamva kuti sipanala yayamba kufewa ngati mukupotoza nsima, pamene nati sikutuluka, lekani msanga. Imeneyo ndi bawuti ikupotoka, yatsala pang'ono kuduka.

Nthawi zina nati imatuluka pamodzi ndi sitadi yake. Palibe vuto. Mwacita mwayi, mudzaika yatsopano.

Moto ndi chizulo

Nati ikakana, pitani kwa wowocherera wa gasi. Moto uyenera kulunjika pa nati, osati pa bawuti. Nati ikatentha imafutukuka n'kusiya bawuti, ndipo dzimbiri limasweka. Itenthe mpaka iyambe kufiira pang'ono, ikani soketi, yesani pomwepo isanazizire.

Musanayatse moto pukutani mafuta onse amene munathira, cifukwa amayaka. Onani kumene kwadutsa mapaipi a petulo kapena dizilo, mawaya ndi mapaipi a labala, muwachinge ndi cidutswa ca lata. Pafupi pakhale ndowa ya mcenga. Dziwaninso mtundu wa mutu wa injini yanu. Maginito akamata, ndi wa citsulo. Akakana, ndi wa aluminiyamu. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, ndipo safiira kuti akucenjezeni. Mumangoona wagwa ngati phala. Moto usakhalitse pa iye.

Ngati gasi palibe, perekani nati nsembe kuti bawuti ipulumuke. Cekani mbali imodzi ya nati ndi sowo ya zitsulo, motsata utali wa bawuti, mpaka mufike pafupi ndi mazinga. Ikani chizulo mu mng'aluwo, menyani. Nati idzatseguka. Nati ndi yochipa, ndipo imapezeka.

Ikathyoka

Zimacitika ngakhale kwa amakaniko akale. Cotsani manifodi yonse kaye kuti muone cotsala.

Ngati kacidutswa katsala kunja, gwirani ndi pulayala yokhoma ija amati vaisigiripu, muithinitse kwambiri, ndipo citani comwe cija: mafuta, kugogoda, kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati mazinga atsalako okwanira, mangani manati awiri, muwathinitse wina pa mnzake, n'kumasula ndi wa m'katiyo.

Njira yabwino koposa zonse ndi kuwocherera nati pa cidutswaco. Imagwira nchito ngakhale bawuti itathyokera pamlingo umodzi ndi mutu wa injini. Wowocherera wa magetsi amayamba waika washala pamwamba pa cidutswa, n'kuwocherera pakati. Kenako amaika nati yokulirapo pa washalayo, n'kudzaza m'kati mwake. Apa mwapeza zinthu ziwiri: mutu watsopano wogwira ndi sipanala, ndiponso kutentha kumene kwalowa mpaka pansi pa bawuti n'kuswa dzimbiri. Dikirani kufiira kuthe, cizizireko, ndiye yesani. Nati ikabenthuka, wochererani ina. Kawiri, katatu, si zacilendo. Pa mutu wa aluminiyamu njira imeneyi ndi yabwino kwambiri, cifukwa ndodo yowocherera citsulo simata pa aluminiyamu. Waya wa batire akhale wocotsa, ndipo waya wa pansi wa makina owocherera amangidwe pafupi ndi pamene mukugwira nchito.

Kubowola kukhale komaliza. Bawuti ndi yolimba kuposa aluminiyamu, conco kobowolera, kamene m'sitolo amati broca, kamakonda kuthawira m'mbali mofewa. Kakapita mopendama kapena mozama kwambiri, kangathe kubowola njira ya madzi ozizitsa injini, ndipo mutu wonse wawonongeka. Ngati palibe njira ina, dindani pakati penipeni ndi kacitsulo kosongoka, yambani ndi broca ya mamilimita 3, muzikulitsa pang'onopang'ono. Pa bawuti ya mamilimita 8 musapitirire 6,8, cifukwa kuposa pamenepo mwayamba kudya mazinga a mutu. Pali broca zina zozungulira cakumanzere. Nthawi zina zimatulutsa cidutswaco pobowola pomwepo.

Za kacitsulo kozulira mabawuti, kamene amati saca-pernos, ine ndinganene kuti kasiyeni ngati bawuti inathyoka cifukwa ca dzimbiri. N'kolimba kwambiri koma sikapindika, kamangoduka. Kakathyokera m'kati, broca wamba sangakabowole, ndipo vuto laling'ono lasanduka lalikulu. Mazinga a mu mutu akawonongeka, ku ofisina ya makina amabowola mokulitsa n'kuikamo mazinga atsopano a waya ochedwa Helicoil.

Pomanga

Ikani masitadi ndi manati atsopano ngati mungathe, ndipo gasketi yakale isabwererepo. Palani bwino nkhope ziwiri zokumanazo. Ikani lula yacitsulo pa nkhope ya manifodi. Mukaona mpata pansi pake, ndiye kuti inapindika ndi moto, ndipo imeneyo ndiyo imadula masitadi a kumapeto. Iyenera kusalazidwa, apo ayi idzadulanso atsopanowo.

Pakani mazinga girisi wa kopa, wopirira moto. Girisi wamba amangopsa. Mangani kuyambira manati a pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, maulendo awiri kapena atatu, ndi sipanala ya utali wake, yopanda paipi. Lizani injini mpaka itenthe, mumvetsere ngati "ti-ti-ti" uja watha. Ikazizira, pitaninso pa nati iliyonse, cifukwa gasketi yatsopano imaphwa pang'ono ikalawa moto koyamba.