Fumbi la ku Chowa: mgodi unatseka, mtovu unatsala

Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, ambili a ife tikali ana, ena tisanabadwe n'komwe. Koma mphepo ya mu Ogasiti ikayamba kuwomba ku Chowa, tikali kupuma zimene mgodiwo unasiya.

Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kuno mu 1902, ndipo tauni inamela m'mbali mwa mgodi ndi dzina lakuti Broken Hill. Kucokela mu 1925 mpaka 1974 kampani ya Anglo American inali ndi gawo mu mgodiwu. Pambuyo pake unalowa m'manja mwa boma, ndipo ZCCM ndiyo inautseka. Zaka zonsezo utsi wa ng'anjo zosungunulila miyala unali kugwela pa madenga ndi pa mabwalo a Kasanda, Makululu ndi Chowa. Ife a ku Chowa tinalandilanso wina kupyolela mu ngalande yocokela ku mgodi, imene matope ake amasefukila m'makomo mvula ikaculuka.

Mtovu suwola ngati zinyalala za pa msika. Umakhala m'dothi, dothi likauma limakhala fumbi, fumbi limalowa m'mphuno ndi m'nsima. Mwana wokwawa ndiye amalandila wambili cifukwa dzanja lake silicoka m'kamwa. Mtovu umacepetsa magazi ndi kuwononga ubongo, ndipo mwana wotele amavutika kugwila za m'kalasi. Kunyumba timangoti ndi ulesi.

Masiku a mgodi, kampani ndiyo inali kusamalila nyumba, madzi ndi miseu ya m'makomboni ake. Itacoka, katundu yense anagwela khonsolo ya Kabwe, imene inalibe ndalama zokwanila kusenza. Thandizo linabwela lapatalipatali. World Bank inalipilila nchito yoyeletsa kuyambila mu 2003, ndipo mu 2016 inavomeleza ina, ya ZMERIP, yopima ndi kucilitsa ana. Mu 2015 bungwe la Pure Earth linathila dothi labwino pa mabwalo a nyumba zina kuno ku Chowa. Koma mulu wa zotsala za mgodi, umene timaucha Black Mountain, sunaphimbidwe. Bwalo loyeletsedwa lelo limadetsedwanso ndi mphepo ya mawa.

Mu 2020 mlandu wa ana ndi azimai a ku Kabwe unakatulidwa ku khoti ya ku Johannesburg. Mu Disembala 2023 khotiyo inaukana, maloya n'kucita apilo. Milandu yotele imatenga zaka, ndipo mwana wokwawa sayembekeza woweluza.

Zilolezo zokumba pa mulu uja zili m'manja mwa unduna wa migodi ndi ZEMA. Koma miseu ya m'komboni, ngalande, mabwalo a maseŵelo ndi malo omangapo nyumba ndi nchito ya khonsolo, ndipo m'menemo ndi mmene fumbi limanyamukila. Lamulo la maboma aang'ono la 2019 linapatsa wadi iliyonse komiti yake ya citukuko. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwense imodzi.

Zopempha za CDF zimayambila ku komiti ya wadi. Kukakhala msonkhano, tiyeni tikapezekeko, tikafunse akhansala athu kuti ndi mseu uti udzathilidwa tala, ndi bwalo la sukulu liti lidzabzalidwa kapinga, ndipo matope a m'ngalande akawacotsa amakawataya kuti.