Kuchoka pa bayisikopo kufika pa fulashi: ndani amatisankhira mafilimu?

Agogo anga aamuna kwathu ku Chintheche satchula mawu akuti filimu. Iwo amati "bayisikopo", mawu amene anabwera nawo kuchokera ku Joni pamodzi ndi jekete ndi wailesi. Monga amuna ambiri a ku Nkhata Bay a nthawi yawo, kanema woyamba anakamuonera kunja, ali pa ntchito. Tchuthi chapitachi ndinawafunsa kuti ankaonera chiyani kumeneko, ndipo anati: "Zimene anatiikira azungu, mdzukulu wanga, makamaka za akauboyi." Yankho limeneli ndi limene landilembetsa nkhaniyi, chifukwa mbiri ya kanema kuno kunyanja ndi mbiri ya anthu ena kutisankhira zoonera.

Mu 1948 atsamunda anakhazikitsa Central African Film Unit, bungwe lopanga mafilimu oonetsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia. Ambiri mwa mafilimuwo anali ophunzitsa ulimi, ukhondo ndi kusunga ndalama, ndipo ankayenda nawo m'midzi pa galimoto. Mwa iwo munthu wakuda ankaoneka ngati mwana wofunika kulangizidwa. Bungweli linatha pamodzi ndi chitaganya mu 1963.

Ufulu utabwera mu 1964, wosankha anangosintha. Mu 1968 boma la Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo lounika zosangalatsa, ndipo filimu inkayenera kudutsa kaye m'manja mwa Censorship Board, imene inkadula kapena kuletsa zimene sinagwirizane nazo. Wailesi yakanema nayonso tinalibe mpaka 1999 pamene TVM inayamba kuulutsa.

Mpata umenewu anautseka ndi eni nyumba zoonetsera mavidiyo. Amene munakulira pa Kande kapena pa Mpamba mukuzikumbuka: mabenchi, jenereta ikulira kuseri, sipika panja yoitanira anthu. Mwini vidiyo ankasankha zobweretsa ndalama, ndiye tinakula ndi Rambo, Bruce Lee, kenako mafilimu a ku Nigeria. Sindikumunyoza, chifukwa ndi iye anatiphunzitsa kukonda kanema.

Lero zinthu zatembenuka. Muli ndi foni, laputopu ndi fulashi, ndipo palibe amene akukugwirani dzanja. Koma timapitabe kwa anyamata obena mafilimu n'kunena kuti "ndiikireni zilizonse zatsopano". Ufulu wosankha umene agogo analibe tikuubweza tokha. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musake mafilimu atatu awa.

Yoyamba ndi Come Back, Africa ya mu 1959. Lionel Rogosin anaijambula ku Johannesburg ndi ku Sophiatown mobisa cholinga chake, akuluakulu a tsankho akuganiza kuti ndi filimu ya nyimbo. Ikukamba za Zachariah, amene wachoka kumudzi kukasaka ntchito m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Miriam Makeba akuimbamo ali mtsikana. Agogo nditawaonetsa, anaona misewu imene anayendamo ndipo anakhala chete nthawi yaitali.

Yachiwiri ndi Mandabi ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, ya mu 1968, yolankhulidwa m'Chiwolofu. Bambo wina walandira ndalama za pa positi kuchokera kwa mphwake amene akugwira ntchito ku Paris, koma sangazitape chifukwa alibe chiphaso. Pamene akuzunzika m'maofesi, abale ndi anansi ayamba kale kudzapempha. Banja lililonse lodikira ndalama za ku Joni lidziona lokha mu filimuyi.

Yachitatu ndi yathu, The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah, ya mu 2012. Msodzi akulimbana ndi kuchepa kwa nsomba pamene chikhalidwe chake chikuopsezedwa ndi za alendo okaona malo. Amene munaonapo anyamata akuthamangira azungu pa gombe la Kande simufunika womasulira.

Mafilimu awiri oyambawo ndi akale ndipo amayenda pang'onopang'ono, moti mphindi zoyambirira zidzakuyesani mtima. Pirirani. Ndipo musaonere nokha pa foni m'chipinda cha ku hositelo. Tengani laputopu popita kumudzi, muitane agogo, muziwamasulira m'Chitonga kapena m'Chichewa. Filimu ikatha, afunseni zimene anaona ku Joni, ndipo mulembe zimene akuuzeni akadali moyo.