A Nyambe ndi dothi la ku Kasanda

Tikamva za ngozi zochokera m'nthaka, maganizo athu amathawira kutali. Timakumbuka Goma mu 2021, phiri la Nyiragongo litalavula moto usiku. Timakumbuka napolo wa ku Phalombe mu 1991, kapena matope amene anakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre nthawi ya Freddy mu 2023. Kuno ku Kabwe dziko ndi lathyathyathya, phiri loti n'kuphulika tilibe. Ngozi yathu ilibe phokoso. Ili m'fumbi limene mwana amanyambita ku zala, ndipo kuti ioneke panafunika anthu odziwa kuwerenga miyala ndi dothi. Mmodzi wa iwo ndi Pulofesa Imasiku Nyambe a ku Sukulu ya Migodi pa Yunivesite ya Zambia.

Akatswiri a miyala oyamba kufika kuno ankafuna chuma, za ngozi sizinali m'mutu mwawo. Mu 1902 T. G. Davey anapeza mtovu, umene tonse timangouti ledi, pamodzi ndi zinki m'timapiri tamiyala timene tinali pano. Malowo anawatcha Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Miyala yathu inayamba kupita ku London, kumene L. J. Spencer wa ku British Museum anapezamo mitundu imene sayansi inali isanaidziwe. Umodzi anautcha tarbuttite, dzina la mkulu wina wa kampani, Percy Tarbutt. Mu 1921 m'phanga la kaphiri kamodzi munapezeka chigaza chija chotchuka, chimene mpaka lero chili ku London. Ofufuza a mu 2020 anati chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Phanga lenilenilo kulibe. Analidya ndi mgodi, ndipo timapiri tija tinasanduka maenje odzala madzi.

Mgodi unatsekedwa mu 1994, patatha zaka pafupifupi 90. Unatisiyira milu ya zotsalira za m'ng'anjo, ija timaitcha Black Mountain, ndi dothi limene utsi unaligwera zaka zonsezo. Oyamba kuona vuto anali madokotala. Dr A. R. L. Clark, amene anagwira ntchito pamgodi, analemba mu 1975 za kuchuluka kwa ledi m'magazi a ana a ku Kasanda. Koma dokotala amayeza mwana. Funso loti lediyo achokera pati, ayenda bwanji, ndipo wafika mpaka kuti, ndi la munthu wa miyala.

A Nyambe sanayambire ku Kabwe. Digiri yawo ya udokotala anaitenga ku Yunivesite ya Ottawa ku Canada mu 1993, ndipo inali yokhudza miyala ya m'chigwa cha Zambezi, cha ku Gwembe, miyala ya Karoo imene muli malasha a ku Maamba. Ntchito yamtunduwu ndi yofuna kuleza mtima. Munthu amayang'ana mizere ya mchenga ndi matope amene anauma kukhala mwala zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo, n'kunena kuti apa panali mtsinje, unkalowera uku, apa panali nyanja. Mwachidule, amaphunzira mmene madzi ndi mphepo zimanyamulira tinthu ting'onoting'ono n'kukatisiya kwina. Ife tikuona kuti luso limeneli ndi limene Kabwe inkasowa. Pambuyo pake anatembenukira ku madzi a pansi pa nthaka, natsogolera likulu la maphunziro a kasamalidwe ka madzi pa UNZA.

Kenako anagwirizana ndi akatswiri a ku Czech Geological Survey, otsogozedwa ndi Bohdan Kříbek, poyeza dothi la ku Copperbelt. Zimene anasindikiza mu 2010 zinali ndi njira yosavuta kumva koma yamphamvu. Pamalo alionse amatapa dothi kawiri: lapamwamba penipeni, ndi lina lakuya pafupifupi mita imodzi. Ngati chitsulo chachuluka pansi ndi pamwamba mofanana, ndiye kuti chachokera ku mwala wa pamalopo, ndi chachilengedwe. Ngati chachuluka pamwamba pokha, chinachita kugwa kuchokera mumlengalenga, ndipo amene anachiulutsa ndi anthu.

Apa tiimepo pang'ono, chifukwa mkangano wa ku Kabwe wagona pomwepa. Mwamvapo anthu akuti ledi anali m'nthaka muno kuyambira kale, ndiye palibe woti n'kumuloza chala. Mbali yoyamba ya mawuwo ndi yoona. Katswiri wina wa ku Zambia, A. F. Kamona, anafotokoza bwino mmene ledi ndi zinki zinakhalira m'kati mwa mwala wa dolomite pansi pa tauni ino. Koma ledi wotsekeredwa m'mwala sangalowe m'kamwa mwa mwana wa ku Makululu. Ayenera kukumbidwa, kuperedwa, kuotchedwa, n'kutuluka pa chumuni. Mu 2019 a Nyambe, a Kříbek ndi anzawo anasindikiza kafukufuku wa dothi lozungulira ng'anjo ya ku Kabwe, ndipo anaonetsa kuti dothi lapamwamba ndi limene laipitsidwa kwambiri ndi fumbi la mgodi.

Mphepo nayo imachitira umboni. Nthawi zambiri kuno imaomba kuchokera kum'mawa, choncho utsi unkagwera kumadzulo, kumene kuli Kasanda ndi Makululu. Backsion Tembo wa ku UNZA ndi anzake anaona zomwezi mu 2006. Ku Chowa ledi anabweranso ndi madzi, kudzera m'ngalande yochokera kumgodi, imene imasefukira m'dzinja n'kusiya matope m'mayadi. Amene anamanga komboni ya anchito kumunsi kwa mphepo ya ng'anjo sanafunse aliyense wodziwa kumene fumbi limapita, kapena anafunsa koma sanasamale.

Kafukufuku amene amatikhudza kwambiri ndi wa mu 2020, wotsogozedwa ndi Vojtěch Ettler, a Nyambe ali m'gulu lomwelo. Anatenga fumbi la milu ija n'kuliviika m'madzi okonzedwa kuti afanane ndi asidi wa m'mimba mwa munthu. Ankafuna kudziwa kuti mwana akameza fumbilo, ledi wochuluka bwanji amasungunuka n'kutha kulowa m'thupi. Anapeza kuti gawo lalikulu limasungunukadi. Izi zikugwirizana ndi zimene John Yabe ndi anzake anasindikiza mu 2015 atayeza ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu: aliyense mwa iwo anali ndi ledi wopitirira mlingo umene madokotala amayambira kuda nkhawa. Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa ledi umene uli wabwino kwa mwana. Amaononga ubongo ukadali kukula, ndipo mwanayo sadziwika msanga kuti akudwala. Amangooneka ngati wochedwa kumva m'kalasi.

Kuyambira 2016, UNZA inagwira ntchito ndi Yunivesite ya Hokkaido ya ku Japan m'pulojekiti yotchedwa KAMPAI. M'menemo a Nyambe analemba limodzi ndi ofufuza achinyamata a kuno kwathu monga Walubita Mufalo, amene anayeza dothi la m'mabwalo osewerera a m'masukulu a ku Kabwe, ndi Marthias Silwamba, amene anafufuza njira yochotsera ledi m'zotsalira za fakitale ya zinki. Ena anayesa kusakaniza zinyalala za mgodi ndi dolomite woperedwa kuti ledi asamasungunuke mvula ikagwa. Ndi mwala womwe uja umene unamusunga ledi pansi zaka mamiliyoni.

Mapepala onsewa ali m'Chingerezi chovuta, m'magazini amene sagulitsidwa pa Freedom Way, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene tawafotokozera pano. Chimene sichinayende ndi liwiro lofanana ndi kuyeretsa. Banki ya Dziko Lonse inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni mu 2016 yokonzera madera oipitsidwa ndi migodi, kuphatikizapo Kabwe, ndipo ana ambiri anayezedwa, ena n'kulandira mankhwala. Koma mwana wochira amabwerera ku yadi yomweyo. Milu ija ikadali yosaphimbidwa, anyamata akukumbamo pofuna ya nsima, ndipo malole amanyamula dothi lake kudutsa m'misewu ya m'tauni. Mulu wokumbidwa kunsi umatha kugumuka, monga unachitira wa ku Kitwe mu June 2018 n'kupha anthu osachepera 10.

Nkhani inafikanso kukhoti. Mu October 2020 maloya anasumira Anglo American South Africa ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe, ponena za zaka za 1925 mpaka 1974. Kampaniyo imakana mlandu, imati mgodi sunali wake ndipo sinkauyendetsa. Mu December 2023 khoti linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo mu 2024 odandaula analoledwa kuchita apilo.