Thumbo Lalikulu Litachotsedwa, Kutupa Kunasamukira Kwina

Mu 1859, dokotala Samuel Wilks wa pachipatala cha Guy's ku London analemba za matenda otsegula m'mimba mwa magazi amene sanali kamwazi wodziwika uja. Matendawa, omwe amatchedwa ulcerative colitis, amatupitsa m'kati mwa thumbo lalikulu n'kuchititsamo zilonda. Poona kuti akukhala m'thumbo limeneli lokha, madokotala anaganiza kuti kulichotsa ndiko kuzula matendawo ndi mizu yomwe.

Thumbo laling'ono linawaonetsa zina. Poyamba, akachotsa lalikululo ankangotulutsira nsonga ya laling'ono pamimba kuti chimbudzi chizigwera m'chikwama. Mbali yakunja ya nsongayo, yosazolowera mpweya ndi chimbudzi, inkatupa n'kuthinitsa njira, ndipo odwala ankataya madzi ndi mchere wambiri. Mu 1952, Bryan Brooke wa ku Birmingham anaipinda nsongayo monga mmene munthu amapindira mkono wa malaya, n'kuisokerera pakhungu. Vutolo linachepa kwambiri.

Komabe ambiri sankafuna chikwama chapamimba. Mu 1969, Nils Kock wa ku Gothenburg, ku Sweden, anasoka kathumba kam'kati pogwiritsa ntchito thumbo laling'ono lomwelo, ndipo wodwala ankakhuthula chimbudzi ndi kapaipi. Pasanapite zaka zambiri, m'tithumba tina munayamba kutupa, ndipo dzina loti pouchitis linabadwa.

Mu 1978, Alan Parks ndi John Nicholls a pachipatala cha St Mark's ku London analumikiza kathumbako kumalo otulukira chimbudzi, kuti munthu azidzithandiza monga kale. Mu 1980, Joji Utsunomiya wa ku Japan anapeputsa kasokedwe kake, kathumba kakhala ngati chilembo cha J, ndipo kameneka ndi komwe kafala lero. Kutupa nako kunatsatira: pafupifupi theka la odwala ulcerative colitis okhala ndi kathumba amakumana nako kamodzi kapena kuposerapo. Amathamangira kuchimbudzi pafupipafupi, m'mimba mumapota, nthawi zina amaona magazi.

Zinthu ziwiri zinatsegula maso ofufuza. Anthu osokeredwa kathumba komweko chifukwa cha matenda akumtundu a tizotupa tam'matumbo sadwala pouchitis kawirikawiri. Komanso kutupako kawirikawiri sikuyamba chimbudzi chisanayambe kudutsa m'kathumba. Zikuoneka kuti pamafunika zonse ziwiri: chitetezo cham'thupi chimene chinali kale ndi chizolowezi choukira matumbo, ndi mabakiteriya ochuluka m'chimbudzi chokhalitsa. M'kati mwa kathumba namo mumasintha pang'onopang'ono, n'kuyamba kufanana ndi thumbo lalikulu lochotsedwa lija.

Chithandizo chinalondola mapazi omwewo. Mu 1994, William Sandborn ndi anzake a ku Mayo Clinic anakonza muyeso wa kukula kwa matendawa wophatikiza zizindikiro, zooneka pa kamera ndi kanyama kopimidwa. Mankhwala opha mabakiteriya, metronidazole ndi ciprofloxacin, anakhala oyamba kuperekedwa, nthawi zambiri kwa milungu iwiri. Mu 2000, Paolo Gionchetti wa ku Bologna anayesa mabakiteriya othandiza pa anthu 40: mwa 20 omwe anawamwa, atatu okha ndiwo anadwalanso m'miyezi 9, pamene ena 20 onse anadwalanso.

Pali mtundu wina wa kutupa wosowa koma woopsa, umene umafalikira m'thumbo laling'ono mpaka kufupi ndi chifu opaleshoni itangochitika kapena patapita miyezi. Wodwala amataya madzi ochuluka kapena magazi, ndipo madokotala amayamba aona ngati si tizilombo kapena matenda a Crohn asanapereke mankhwala a steroid.

Kwa odwala pouchitis amene maantibayotiki awalephera, kafukufuku wa EARNEST wa mu 2023 anayesa vedolizumab, mankhwala otsekereza maselo oyera a magazi kuti asalowe m'matumbo. Mwa odwala 102, pofika mlungu wa 14 kutupa kunazilala mwa 31 pa 100 alionse olandira mankhwalawa, poyerekeza ndi 10 pa 100 mwa amene sanawalandire.